Unamwino Umayambira pa Sopo, Wotchi ndi Cholembera

Wolemba: mnzanu wa Fomu 4, wa kalabu ya sayansi

Anzanga, amene mumandidziwa mukudziwa kuti kuyambira Fomu 1 nyimbo yanga ndi imodzi: ndikufuna kudzakhala namwino. Koma mukanandifunsa kuti namwino amachita chiyani kwenikweni, ndikanangoti amavala zoyera, amabaya jakisoni, mwezi ukatha amalandira. Basi. Holide yapitayi ndi imene yandichotsa umbuli, ndiye ndati ndikugawireni pano pa bolodi.

Achemwali anga anali oyembekezera, mimba yoyamba. Kwathu ndi kutali ndi chipatala, pa kabaza ndi pafupifupi maola awiri, choncho anesi a ku sikelo anawauza kuti masiku akayandikira apite akakhale ku chidikiro. Gadiyani weniweni anali amayi. Ine ananditenga kuti ndizikatunga madzi, kuphika ndi kuchapa. Tinakhalako masabata atatu.

Pachipatalapo panali anesi awiri ophunzira, amene anachokera ku koleji kudzachita pulakitiko ya uzamba. Mmodzi anali wochezeka, ndipo ataona kuti ndimayenda ndi kope la Biology anayamba kumandiitana akapeza mpata. Tsiku lina anandiuza kuti: "Mchemwali, chaka choyamba tinkangophunzira kusamba m'manja, kuyala bedi, kuyeza kutentha kwa thupi, kuwerenga kugunda kwa mtima ndi kulemba. Tinkadandaula kuti kodi fizi yonseyi tikulipirira zimenezi? Pano ndi pamene ndaona kuti uzamba wonse watsamira pa zomwezo."

Poyamba sindinamvetse. Pochoka kumeneko ndinali nditamvetsa. Tiyeni tizione chimodzichimodzi.

1. Kusamba m'manja

Musaseke. Ili ndiye luso loyamba, ndipo ine ndinalakwa pomwepa. Tsiku lina ndikuchokera kokoleza moto ndinafuna kunyamula khanda la mayi wina amene tinkaphikira limodzi. Anesi aja anandigwira mkono: "Iwe, manjawo achokera kuti?" Ndinachita manyazi kwabasi.

Khanda limabadwa chitetezo cha m'thupi chisanakhwime, ndipo mchombo wake ndi chilonda chotsegula. Mayi amene wangochira nayenso ali ndi chilonda m'chiberekero, pamene panamatirira nsengwa. Tizilombo timene sitingakuchite kanthu iwe ndi ine tikhoza kupha awiriwa. N'chifukwa chake namwino amasamba asanagwire wodwala ndiponso akamaliza, asanavale magolovesi ndiponso akavula. Magolovesi salowa m'malo mwa sopo.

Kasambidwe kake ndi ka sopo ndi madzi oyenda, masekondi 40 mpaka 60: zikhatho, kuseri kwa manja, pakati pa zala, zala zazikulu ndi kunsonga kwa zikhadabo. Si zathu zija zongoviika m'beseni limodzi banja lonse nsima ikafika.

Nkhaniyi ili ndi mbiri yake. Mu 1847, ku chipatala cha ku Vienna, dokotala wina wa ku Hungary dzina lake Ignaz Semmelweis anaona kuti amayi ambiri ankamwalira ndi matenda otentha thupi akangobereka, makamaka mu wodi imene munkagwira madokotala ndi ophunzira ochokera kong'amba mitembo. Analamula kuti aliyense azisamba m'manja ndi madzi a klorini asanagwire mayi. Imfa zinatsika kuchoka pa amayi pafupifupi 18 mwa 100 alionse kufika pa 2 m'miyezi yochepa. Panalibe mankhwala atsopano, kusamba kokha.

2. Kuyeza ndi kuwerenga

M'mawa uliwonse amayi a ku chidikiro ankakhala pa mzere kuti ayezedwe. Ine ndinkaona ngati mwambo chabe. Koma nambala iliyonse ili ndi chimene imanena. Kopelani izi, zina mukumana nazo pa mayeso a Biology:

Kutentha kwa thupi: munthu wabwinobwino amakhala pafupi ndi madigiri 37. Mayi akafika 38 kapena kupitirira, pali vuto, mwina malungo kapena tizilombo talowa. Khanda liyenera kukhala pakati pa 36.5 ndi 37.5.

Kugunda kwa mtima: munthu wamkulu akakhala phee, 60 mpaka 100 pa mphindi. Amamvera pa mfundo ya dzanja, mbali ya chala chachikulu, pogwiritsa ntchito zala ziwiri kapena zitatu. Chala chachikulu samverera nacho chifukwa nacho chimagunda, ungamawerenge mtima wako womwe.

Mtima wa mwana ali m'mimba: kawirikawiri 120 mpaka 160 pa mphindi. Azamba amamvera ndi kachipangizo kooneka ngati lipenga, kukamwa kwake pamimba pa mayi, khutu mbali inayo. Ukatsika kwambiri kapena kukwera kwambiri, mwina mwana sakulandira mpweya wokwanira.

Kupuma kwa khanda: 30 mpaka 60 pa mphindi.

BP: ili ndi nambala ziwiri. Yapamwamba ndi mphamvu ya magazi pamene mtima ukukankha, yapansi ndi pamene mtima ukupuma. Kwa mayi woyembekezera, 140/90 kapena kupitirira ndi chenjezo.

Pa BP pomwepa ndinaona zoopsa. Mayi wina anadzuka akudandaula mutu, akuti akuona tinthu tothwanima m'maso, nkhope ndi manja zitatupa. Anzake ankati wangogona molakwika, ena ankati kutupa ndi chizindikiro cha mapasa. Anesi ophunzira aja atamuyeza anapeza 160/110. Sanadikire kumaliza mzere. Anathamanga kukaitana azamba aakulu, anayeza mkodzo ndi kapepala kaja kosintha mtundu, n'kupeza kuti muli puloteni. Matenda amenewa amatchedwa pre-eclampsia, ndipo akalekereredwa mayi amayamba kukomoka ndi kuphupha ngati wakhunyu, mpaka kutaya moyo wake ndi wa mwana. Anamubaya magnesium sulphate woteteza kukomokako, ambulansi n'kumutengera ku chipatala chachikulu cha boma. Patapita sabata tinamva kuti wachira bwinobwino. Chimene chinamupulumutsa poyamba ndi lamba wa BP ndi munthu wodziwa kuti 160/110 si nambala yongolemba n'kupitirira.

3. Kulemba

Anesi aja ankati chimene sunalembe ndiye kuti sunachite. Buku la kuchipatala la achemwali linali ndi zonse: tsiku limene anayamba sikelo, kulemera kwawo, BP ya ulendo uliwonse, katemera wa kafumbata, mapiritsi owonjezera magazi, Fansidar woteteza malungo, zotsatira za kuyezetsa magazi. Kuyambira 2016 bungwe la WHO limalangiza kuti mayi woyembekezera aonedwe ndi achipatala kosachepera ka 8, ndipo ulendo uliwonse umasiya mzere wake m'bukumo.

Matenda akayamba, azamba amatsegula tchati lotchedwa partograph. Pamenepo amalemba mtima wa mwana mphindi 30 zilizonse, mmene mimba ikukokera, ndi mmene khomo la chiberekero likutsegukira, lomwe amaliyeza maola 4 alionse mpaka litafika masentimita 10. Ndi girafu, anzanga, yomweija timaithawa mu Mathematics. Madontho akayamba kupendekera kumene sayenera, azamba amadziwa kuti mayiyu akuchedwa, atumizidwe ku chipatala chachikulu nthawi ikadalipo.

Ubwino wa kulemba ndi uwu: nambala imodzi payokha imanena zochepa, koma nambala zitatu zotsatizana zimaonetsa kumene wodwala akulowera. Gwirani mfundo imeneyi, muiona ntchito yake pompano.

4. Usiku umene zonse zinakumana

Achemwali anachira cha m'ma 1 koloko usiku, mwana wamwamuna. Ine m'chipinda chochirira sindinalowemo, mukudziwa kale kuti mtsikana ngati ine saloledwa. Atawasamutsira ku wodi, amayi anapita kukhitchini kukaphika phala, ine n'kutsala pambali pa bedi. Magetsi anali atazima, tikuunikira ndi tochi ya foni.

Anesi ophunzira aja ankabwera mphindi 15 zilizonse. Amagwira dzanja la achemwali, maso pa wotchi, kenako amagwira pamimba pansi pa mchombo, n'kuyang'ana nsalu imene anagonera, n'kulemba. Kunena zoona ndinayamba kunyansidwa. Mumtima ndinkati munthu watopa, bwanji osamusiya agone?

Ulendo woyamba mtima unali 84. Wachiwiri 96. Wachitatu 112. BP inali isanasinthe kwenikweni, ndipo achemwali ankangoti akumva ludzu ndi chizungulire pang'ono. Anesi atagwira pamimba nkhope yawo inasintha. Atatukula chitenje, nsalu yonse inali itanyowa magazi.

Anandiuza kuti: "Thamanga ukaitane azamba, uwauze kuti bedi lachitatu akutaya magazi. Usapite kwina." Iwo anatsala akutikita pamimba mwamphamvu. Azamba aakulu atafika anabaya oxytocin wina, anaika dripi, n'kuchotsa mkodzo ndi kapaipi. Ine ntchito yanga inali kugwira tochi, dzanja likunjenjemera. Patapita nthawi magazi analeka, mtima unayamba kutsika.

Kutacha anandifotokozera. Nsengwa ikatuluka, mitsempha ya magazi imene inkadyetsa mwana imatsala yotsegula. Chimene chimaitseka ndi minofu ya chiberekero ikakungika. N'chifukwa chake mayi aliyense amabayidwa oxytocin mwana akangobadwa, ndipo chiberekero chimayenera kumveka cholimba ngati mpira wopopa bwino. Chikafewa, magazi amangotuluka. Chikhodzodzo chikadzaza mkodzo chimalepheretsanso chiberekero kukungika. Mayi akataya mamililita 500 kapena kupitirira, ndiye kuti botolo la madzi la theka la lita, ndi ngozi, ndipo kutaya magazi kotereku ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimapha amayi ambiri pobereka padziko lonse.

Nanga n'chifukwa chiyani mtima unayamba kuthamanga BP isanatsike? Biology ya Fomu 3 imeneyo. Magazi akachepa, mtima umagunda mofulumira ndipo mitsempha imafinyika kuti ubongo uzilandirabe mpweya. Thupi limabisa vutolo kwa kanthawi. BP ikamadzagwa, zinthu zimakhala zitafika kale poipa. Amene amawerenga mtima mphindi 15 zilizonse amaona ngozi ikadali panjira.

Onaninso ichi: anesi ophunzira aja sanadzione ngati akatswiri. Anachita zimene anaphunzitsidwa, n'kuitana wamkulu nthawi yomweyo. Kudziwa pamene nzeru zako zathera ndi luso lakenso.

Zikanakhala za ine, achemwali akanagona mwamtendere, ndipo mwina osadzukanso. Ndikaganiza zimenezi mpaka lero thupi limachita tsemwe.

5. Kusamalira khanda

Mwana akangobadwa, mphindi yoyamba ndi yamtengo wapatali. Azamba amamupukuta msanga ndi chitenje chouma, n'kuchotsa chonyowacho. Kupukutako kumamutenthetsa komanso kumamudzutsa kuti alire. Ngati sakupuma, mphindi imodzi isanathe amayamba kumupopera mpweya ndi kathumba kokhala ndi chovindikira pamphuno ndi pakamwa. Pa mphindi 1 ndi mphindi 5 amamupatsa malikisi otchedwa Apgar, njira imene dokotala wa ku America, Virginia Apgar, anayambitsa mu 1952. Amaona zinthu zisanu: mtundu wa khungu, kugunda kwa mtima, mmene akuchitira akakhudzidwa, mphamvu za minofu ndi kupuma. Chilichonse chimapeza 0, 1 kapena 2, zonse pamodzi 10. Eya, munthu amalemba mayeso oyamba ali ndi mphindi imodzi.

Wathuyu analira bwino, koma pa sikelo anali makilogalamu 2.4. Mwana wosafika 2.5 amawerengedwa kuti wabadwa wochepa thupi, ndipo mdani wake wamkulu ndi kuzizira. Mukukumbukira phunziro lija loti kanthu kakang'ono kamakhala ndi khungu lalikulu poyerekeza ndi thupi lake, choncho kamataya kutentha msanga? Ndi zomwezi. Khanda lilibenso mafuta ambiri pansi pa khungu, ndipo silitha kunjenjemera ngati ife kuti lidzitenthetse. Mutu wake ndi waukulu, n'chifukwa chake chipewa ndi chofunika ngakhale mu Okutobala.

M'mawa mwake anamuyeza n'kupeza 36.0. Panalibe makina otenthetsera. Anamuvula n'kumusiyira thewera, chipewa ndi masokosi, n'kumuika pachifuwa khungu kukhudza khungu, n'kumumanga ndi chitenje. Iyi ndi njira ya kangaru. Inayambira ku Bogotá, m'dziko la Colombia, mu 1978, pamene chipatala china chinali ndi ana ambiri obadwa masiku asanakwane koma makina ochepa. Kuno kwathu inayambira ku chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Poti achemwali anali ofooka, anayamba ndi amayi. Ola litatha, 36.7. Masana alamu anga atafika, anesi anawauza kuti avule shati. Anayang'ana uku ndi uku, koma anavula, ndipo anakhala naye maola awiri osagwedezeka. Anyamata, mwamva? Chifuwa cha bambo chimatenthetsanso.

Zina zimene ndinalemba m'kope langa:

Mwana ayambe kuyamwa ola loyamba lisanathe. Mkaka woyamba wachikasu uja si woipa ndipo sayenera kuufinyira pansi, muli chitetezo cha matenda. Kuyamwako kumachititsanso thupi la mayi kutulutsa oxytocin wake, amene amathandiza chiberekero kukungika. Miyezi 6 yoyamba ndi bere lokha, popanda madzi kapena phala.

Asasambitsidwe mpaka patapita maola 24.

Pa mchombo pasapakidwe phulusa, mafuta, dothi kapena mankhwala achikuda. Pakhale pouma ndi paukhondo, ndipo ngati pali chopaka chikhale chimene apereka achipatala.

Asanatuluke m'chipatala alandire katemera wa BCG woteteza chifuwa chachikulu ndi madontho a poliyo.

Pa kupuma ndinalakwanso. Anesi anandiuza kuti ndiyese kuwerenga. Ine pofuna kuonetsa masamu ndinawerenga masekondi 15, ndinapeza 18, ndinachulukitsa ndi 4, n'kufuula kuti 72, mwana akudwala! Anaseka n'kundiuza kuti ndibwereze mphindi yathunthu, mwana ali phee. Ndinapeza 52. Khanda limapuma mothamanga, kenako limaima pang'ono, n'kuyambiranso. Pamenepa palibe chidule.

Zizindikiro izi mukaziona pa khanda kwanu, musadikire kuti kuche: kukana kuyamwa, kupuma ka 60 kapena kupitirira pa mphindi, chifuwa kulowa mkati popuma, thupi kutentha kapena kuzizira, kukomoka, kufooka osagwedezeka, mchombo kufiira kapena kutuluka mafinya, ndi chikasu pa tsiku loyamba kapena chofika m'zikhatho ndi kumapazi. Kwa mayi amene wangochira: kutaya magazi ambiri, kutentha thupi, mutu waukulu, kusaona bwino, kukomoka, ndi zotuluka zonunkha.

6. Pakamwa

Luso lomaliza silifuna chipangizo. Agogo atabwera kudzaona chidzukulu, anafuna kuti mwana asambitsidwe tsiku lomwelo, ati sangamunyamule ali ndi zoyera zija pakhungu. Ine ndinatsala pang'ono kuwayankha ndi Biology yanga, zomwe zikanathera ku milandu kunyumba. Anesi ophunzira aja anagwada pambali pawo n'kunena kuti: "Agogo, inu mwalera ana ambiri, mukudziwa mmene kamwana kochepa chonchi kamazizirira. Tithandizeni kukasunga kofunda lero, mawa mudzakasambitse ndinu, ndi madzi ofunda." Agogo anavomera, ndipo mawa lake anali iwo amene ankalondera kuti aliyense asambe m'manja asanagwire mwana.

Ndinaonanso kuti asanagwire mayi aliyense ankapereka moni, kunena dzina lawo, kufotokoza chimene akufuna kuchita, ndi kutseka katani. Zotsatira za magazi a munthu sankazinena pagulu. Mayi amene walalatiridwa lero sabweranso ku sikelo, ndipo mimba yotsatira akhoza kuchirira kunyumba.

7. Kwa amene tikufuna ntchito imeneyi

Ndisanamalize, chenjezo. Nkhaniyi sikuti yakusandutsani azamba ayi. Mayi matenda akayamba, malo ake ndi kuchipatala. Ntchito yathu panopa ndi kuzindikira zizindikiro zoopsa, kuthamangira kabaza kapena galimoto msanga, ndi kusamba m'manja.

Unamwino ndi uzamba amaphunzitsa ku Kamuzu University of Health Sciences, ku Malawi College of Health Sciences ndi m'makoleji a CHAM, ndipo munthu sagwira ntchitoyi asanalembetsedwe ndi Nurses and Midwives Council of Malawi. Khomo lake ndi MSCE yokhala ndi makirediti abwino, makamaka Biology, Chemistry, Physics, Mathematics ndi English. Ndikudziwa kuti pasukulu ngati yathu zipangizo za mu labu n'zoperewera, ndipo ena amati wa CDSS sangafike. Koma anesi amene anapulumutsa achemwali anga anandiuza kuti nawonso anaphunzira pa CDSS, akuyenda wapansi tsiku ndi tsiku. Usiku ujanso analibe makina. Anali ndi wotchi, zala zitatu ndi cholembera.

Yesani mafunso awa, mayankho mundipatse Lachisanu ku kalabu:

a) N'chifukwa chiyani mtima umathamanga munthu akataya magazi, BP isanatsike?
b) Perekani zifukwa ziwiri zimene khanda limazizirira msanga kuposa munthu wamkulu.
c) Mayi woyembekezera ali ndi BP ya 150/100 ndipo mutu ukumupweteka. Mungalangize chiyani?
d) Werengani kugunda kwa mtima wa mnzanu kwa mphindi yathunthu atakhala pansi. Athamange kuzungulira bwalo la mpira kamodzi, muwerengenso nthawi yomweyo, kenako pakatha mphindi 5. Lembani nambala zitatuzo ndipo mujambule girafu.

Funso lomalizali musalinyoze. Ndi luso lomwe lija la pa bedi lachitatu. Mwana wa achemwali pano wadutsa makilogalamu 4, ndipo mayi ake ayambiranso kupita kudimba. Amene mulibe wotchi, ya mu ofesi ya aphunzitsi ili ndi muvi wa masekondi, ndapempha kale ndipo atilola kuibwereka Lachisanu.